Galu Wosadya Nsomba

Dzina la galuyu sindilemba. Kuno kwathu galu sitimupatsa dzina kuti asangalale iyeyo ayi, timamupatsa dzina loti tikamamuitana, mawuwo akagwere munthu wina kuseri kwa mpanda. Ndiye munthu amene ndinkamugenda ndi dzinali akadali moyo, ndipo mdzukulu wake amadziwa kuwerenga. Tingoti galu basi.

Ndinamutola ali kamwana padoko la kuno ku Mwadzama, pansi pa bwato lowola, akunyambita mamba a nsomba. Kuyambira tsiku limenelo anakhala wanga. Amuna anga ali ndi maukonde awo oti asoke, wailesi yawo, ndi anzawo a bawo. Ana onse anayi anapita kutauni, amangotiimbira foni kufunsa ngati tikumwa mankhwala. Ine ndili ndi galu. Ndikapita kudimba, iye patsogolo. Ndikapita kokanyika chinangwa, iye pamwala ngati kapitawo. Kutchalitchi amandiperekeza mpaka pamtengo wa mango n'kudikira pompo, ndipo ndinene zoona, sajomba ngati akulu ampingo ena amene ndikuwadziwa.

Kudya kwake kunali kwa agalu onse a kunyanja: mkute wa kondowole, mitu ya utaka, matumbo a kampango, usipa wogwa pathandala poyanika. Palibe munthu kuno amene anakhalapo pansi n'kuganiza kuti lero galu adya chiyani. Galu amadziwonera yekha, ife timangomuthandiza ndi zotsala.

Atakwana zaka zitatu anayamba kunyambita mapazi. Ndinati ndi ukhondo, watengera mwini wake. Kenako makutu, kukanda mpaka magazi. Kenako pamimba panafiira ngati nyama ya pabutchala, ubweya n'kuyamba kuthothoka, ukasesa pakhonde ngati pametedwa munthu. Ndiye fungo. Galu wa kunyanja sanunkhira maluwa, tonse tikudziwa, koma ili linali fungo loti nkhuku zimachoka pamthunzi iye akafika.

Mankhwala tinayesa a m'mudzi onse. Amuna anga, abambo a pakhomo pano, anamupaka oyilo wakuda wa mu injini ya boti, galu n'kuoneka ngati chitsa chopserera, n'kukadzipukuta pachitenje changa chatsopano chomwe ndinayanika. Ine ndinamusambitsa madzi a masamba a nimu. Alamu anga anabwera n'kunena kuti galuyo amulodza. Ndinawafunsa kuti mfiti yake ndi yopusa bwanji, kusiya ine wa nyumba ya malata n'kukawononga mankhwala pa galu? Sanabwerenso mwezi wonse. Zinandithandiza, shuga anakhalitsa.

Nkhani inakula chifukwa cha foni. Mwana wanga womaliza, wamkazi, ali ku Lilongwe, ndipo nthawi imeneyo anali atangobereka mwana wake woyamba. Ine kuchikuta sindinapite chifukwa cha mwendo wangawu, ndiye tinapangana kuti abwera naye pa Khirisimasi. Tsiku lina anaimba foni ija yoonerana nkhope, kuti tione khanda. Tili mkati mosekerera, galu anadutsa kumbuyo kwanga.

"Amayi, chadutsacho n'chiyani?"

"Galu."

"Galu wake uja? Wakhala choncho? Amayi, zimenezo ndi mphere. Ine mwana wanga sindibwera naye pakhomo pali chimenecho."

Abambo anali pambali panga, akumva. Iwowo si munthu wolankhula kawirikawiri; mawu onse a banja lino anapatsidwa kwa ine. Foni itadulidwa analowa m'nyumba, n'kutuluka ndi chingwe cha nayiloni chobiriwira, chotsala pa ukonde, n'kuchikoleka pamsomali wa pakhonde.

"Tsiku loti mwana akwera basi, galuyu akadzakhala akadali chonchi, ndidzakamumanga kuthengo kutsidya kwa msewu. Afisi adzamaliza okha."

"Inu, galu wanga?"

"Mdzukulu wanga."

Ndakhala nawo zaka zoposa makumi anayi. Akanena chinthu pakamwa pokha, umatha kuchinyengerera. Koma akakoleka pamsomali, chatha. Uku kunali kumapeto kwa mwezi wa Seputembala, dzuwa litayamba kale kuwotcha mchenga.

M'mawa mwake ndinatumiza uthenga kwa a vetenale a ku Benga. Ndimayembekeza bambo, koma panabwera mayi, wonenepa bwino, pa njinga yamoto, atavala buluku ndi chisoti ngati mphika. Anaona oyilo uja n'kufunsa kuti wachita ndani. Abambo anakumbukira mwadzidzidzi kuti kudoko akuwafuna. Mayiwo anamubaya galu jakisoni, n'kundisiyira mankhwala osambitsa ophera nthata ndi mphere. Ndinasambitsa masabata atatu monga anandiuzira. Nthata zinatha, nkhupakupa zinatha, ngakhale manja angawa anayera. Galu akukandabe.

Mayi uja atabweranso anamuyang'ana m'makutu, pakati pa zala, pamimba, kenako n'kukhala pampando.

"Agogo, izi si mphere. Zikanakhala mphere bwenzi zitasintha, ndipo bwenzi inunso mukukanda. Amadya chiyani galuyu?"

"Zomwe timadya ife."

"Nsomba?"

"Nanga kuno tidyanso chiyani, mitambo?"

"Ndikuganiza kuti pali chakudya chimene chimamuwenga. Mwina nsomba zomwezo."

Ndinaseka mpaka kutsokomola. Ziwengo ndimazidziwa: azakhali anga malemu akadya ngumbi ankatupa milomo ngati alumidwa ndi njuchi, komabe chaka ndi chaka ankadya, amati Mulungu sangalenge chinthu chokoma chonchi n'kuwamana iwo okha. Koma amenewo anali munthu. Galu, wobadwira pansi pa bwato, kuwengedwa ndi nsomba? Zili ngati kumva kuti mbuzi imadwala ikadya msipu.

Mayiwo sanaseke. Anati poyang'ana chabe palibe angadziwe, njira ndi imodzi. Zonse zimene wakhala akudya zilekeke. Apatsidwe nyama ya mtundu umodzi imene sanadyepo, ndi chokhutitsa chimodzi chimene sanazolowere, masabata asanu ndi atatu. China chilichonse ayi, ngakhale kachidutswa ngati chikhadabo.

"Mbuzi anadyapo?"

"Pakhomo pano mbuzi timadya pa Khirisimasi ndi pamaliro, ndipo fupa abambo amaswa okha n'kuyamwa. Galu amangomva mbiri."

"Ndiye mbuzi ndi mbatata. Muphike popanda mchere, popanda anyezi, popanda mafuta. Ndipo asapite kudoko."

Ndinayamba. Pamsika wathu pali bambo wopha mbuzi tsiku lililonse, wogulitsa kwa okazinga kanyenya. Ndinkapita m'mawa kukatenga mapapo, zam'kati, nthawi zina kachiwindi. Tsono muyenera kudziwa kuti zam'kati kuno ndi chakudya cha mwini khomo. Tsiku loyamba fungo litamveka, abambo anabwera msanga kuchokera kubawo, n'kusamba m'manja osauzidwa, n'kukhala pamphasa akumwetulira. Ine ndinawaikira usipa wawo wa masiku onse, n'kudutsa ndi mbale ya mbuzi kupita kuseri.

Anandiyang'ana mpaka ndinabwerako.

"Mayi, kodi malowolo a banja lino anapereka ndi galu?"

"Kwathu sitilowola, musadzikweze. Munangobwera ndi thumba la mchere ndi jekete yobwereka."

Galu ndinamumanga pamtengo wa mango kuseri, ndi nsanza ya chitenje chomwe anachiwononga chija, osati chingwe cha pamsomali. Kumumasula kunali kosatheka. Kuno nsomba zili paliponse: pathandala, pamchenga, kudzala, m'manja mwa ana, ngakhale mphepo ya mwera ikawomba imabwera ndi mamba. Ndinayenda khomo ndi khomo kuuza anthu kuti galu wanga asamuponyere kanthu. M'mudzi monse munamveka. Amayi a kumjigo anayamba kundilonjera kuti, "Mwadzuka bwanji, nanga abwana adzuka bwanji? Tiyi amwa?" Wina anafunsa ngati tidzamugulire neti ya udzudzu. Ine ndinkangoti sekani, mano akadalipo.

Sabata yoyamba, akukanda. Yachiwiri, akukanda. Yachitatu, khutu lamanzere linayamba kutuluka madzi. Ndikadutsa pakhonde, chingwe chija chili pamsomali, chikugwedezeka ndi mphepo ngati chikundipatsa moni.

Ndinaimbira a vetenale. Anati, "Agogo, mwina si chakudya, zimachitika. Koma ndisananene zimenezo, fufuzani bwino. Kawirikawiri pamakhala wina amene akumupatsa mobisa."

Wina. Ndinayamba ndi wapafupi. Abambo atavula malaya kuti akasambe, ndinatenga n'kununkhiza m'matumba. Anandipeza mphuno ili m'thumba.

"Mukufuna chiyani?"

"Mukununkha usipa."

"Ndanunkha usipa kuyambira ndili ndi zaka khumi. Lero ndiye mwamva?"

"Mukumupatsa mobisa kuti asachire, mukamumange kuthengo, zam'kati zibwerere kwa inu."

Anavala malaya aja osasamba n'kubwerera kubawo. Nkhomaliro tsiku limenelo anakadya kwa mlongo wawo, alamu anga a zaufiti aja, ndiye mukhoza kuganiza zomwe zinakambidwa kumeneko.

Nditatha ndi abambo ndinapita kwa mnzanga wa kuseri kwa mpanda. Mayi ameneyu ndi Msilamu, tinabwera m'mudzi muno chaka chimodzi tili atsikana, ana athu tinabereka mosinthana ngati tinapangana. Pa Ramadhani amanditumizira futali, pa Khirisimasi ndimamutumizira mpunga, nkhuku yake amabwera kudzazinga ndi amuna ake kuti nawonso adye. Galu samukhudza. Samuda, koma malovu a galu akakhudza chovala kapena chiwiya chake ndiye kuti ntchito yotsuka yayamba asanakaswali. Galunso amadziwa, akamuona amalambalala patali ngati mkamwini waona apongozi.

Mtengo wa mango uja uli pafupi ndi mpanda wake, ndiye ndinati basi, ndi iyeyu, akamakonza nsomba amaponyera mitu kuno.

"Achemwali, ndifunse. Mitu ya nsomba mumataya kuti?"

"Bwanji?"

"Galu wanga sakuchira."

Anaika mpeni pansi. "Ine nsomba yanga ndipatse galu wanu? Amphaka anga atatu adye chiyani, mapemphero?"

Tinakhala masiku anayi osalonjerana. Kwa ife zimenezo ndi zaka. Ngakhale nthawi imene mbuzi yake inadya mbewu zanga za tomato tinangotha tsiku limodzi ndi theka.

Tsiku lachisanu anabwera yekha masana, atanyamula zitumbuwa m'mbale yovundikira. Sananene za mkangano, inenso sindinanene. Abambo anali kudoko, ine ndinali nditaphika utaka wauwisi ndi kondowole, ndiye ndinati tidye. Tinadya pamphasa kuseri, galu ali pamango pake akutiyang'ana n'kumakanda. Tinakamba za mwendo wanga, za msana wake, za mtsikana wina amene wapita ku Dwangwa kukagwira ntchito n'kubwerako akulankhula ngati wa kumpoto patangotha miyezi iwiri. Titatha tinasamba m'manja m'beseni. Ine ndinanyamula beseni lija, monga ndachitira moyo wanga wonse, n'kupita kukakhuthulira m'chitini cha galu.

"Mukutani?" anatero mnzangayo.

"Ndikumupatsa madzi."

"Tabwerani nalo kuno beseni limenelo."

Ndinabwera nalo. Analoza ndi chala, osakhudza. Pamwamba pa madziwo mafuta a nsomba anali atayandama, akunyezimira. Pansi tinyama ta utaka, timinga, mamba, nyenyeswa za kondowole zochoka m'zala za anthu awiri odya mosachita manyazi.

"Awa mukuti madzi? Achemwali, uwu ndi msuzi. Pali maukwati ena amene tinadyako msuzi wochepa mphamvu kuposa uwu."

Ndinaika beseni pansi.

"Ine pakamwa pa galu wanuyu ndimapadziwa kuposa inu," anapitiriza. "Zaka zitatu ndakhala ndikupayang'ana, kuti ndidziwe ndowa iti wanunkhiza, mbale iti wanyambita. Tsiku lililonse masana ndi madzulo ndimakuonani pampandapo mukumuthirira zimenezi. Mukatsuka mphika wa nsomba, madzi akenso mumathira momwemo. Ndinkayesa adokotala anu analola. Mutabwera kudzandinamizira muja ndi pomwe ndinati, dikirani, ndikadye kwawo, ndikamuonetse ndi maso."

"Ndiye masiku anayi onsewa mumadziwa?"

"Ndinafuna muyambe mwapsa mtima mokwanira."

Ndifotokoze, mwina ena akuwerenga ali ndi mpopi m'nyumba. Nyumba yathu ili kumtunda, nyanja ili patali ndithu, mjigo uli patalinso. Madzi amene wasenza pamutu sutaya pansi. Amayi anga anandiphunzitsa kuti madzi osamba m'manja ndi a galu, otsukira mpunga ndi a abakha, ochapira ndi okolopera. Sindinaganizepo n'kamodzi komwe kuti m'menemo muli chakudya. A vetenale anafunsa zimene amadya, sanafunse zimene amamwa. Ndipo choseketsa n'chakuti kale galu ankamwa kunyanja akafuna. Chimumangireni pamango, chakumwa chake chinali chomwechi basi. Masabata atatu ndinkayenda mtunda kukagula mbuzi, n'kumamutsirizira ndi msuzi wa nsomba kawiri pa tsiku.

Abambo atabwera ndinawauza. Ndinafotokoza mwachidule, zomwe si khalidwe langa. Anavula malaya n'kundipatsa.

"Nunkhizaninso, mwina mwatsala china."

Sindinapepese, ife akuluakulu kupepesa kwathu kumadzera m'mbale. Madzulo amenewo chiwindi chomwe ndinagulira galu ndinachikazinga ndi anyezi ndi tomato n'kuwaikira iwo. Anadya osafunsa, inenso osanena.

A vetenale pafoni anaseka mpaka foni inalira ngati ikusweka. Atatha anati, "Ndiye muyambirenso kuwerenga, lero ndi tsiku loyamba." Ndinawerenga pa kalendala ya kutchalitchi: kuti mwana akwere basi kunatsala masabata asanu ndi limodzi. Osati asanu ndi atatu. Ndinapempha abambo kuti awonjezereko masiku, popeza cholakwa chinali changa, osati cha galu. Anati basi ya ku Lilongwe siidziwa zimenezo.

Chitini chija ndinataya kudzala. Ndinagula mbale yatsopano ya pulasitiki, ndi kapoto kakekake kophikira. Madzi ake ochokera kumjigo, oyera, omwe timamwa ife. Mnzanga uja anadzipatsa yekha udindo wa ulonda pampanda. Mwana aliyense wodutsa ndi usipa m'manja ankamva mawu ake asanafike n'komwe pamango.

Sabata yoyamba sindinaone kusintha, ndipo ndinayamba kuganiza zokamubisa galu kwa mng'ono wanga ku Ngala, ngakhale kumenekonso ndi nsomba zokhazokha. Chakumapeto kwa sabata yachiwiri, masana ena ndikusenda chinangwa, ndinamva kuti pakhomo pali zii. Ndinathamangira kuseri ndi mwendo wangawu, ndikuti wafa. Anali atagona chagada, miyendo m'mwamba, akuliza mkonono. Ndinakhala pansi pompo n'kumamuonerera ngati kanema.

Khutu linauma. Pamimba panasiya kufiira. Sabata yachinayi timaubweya tinayamba kumera, apa ndi apo, ngati mpunga wofesa munthu woledzera. Fungo linachepa mpaka nkhuku zinabwerera pamthunzi. Abambo ankadutsa osayang'ana, koma tsiku lina ndinawaona akunyamula okha beseni losambira m'manja kukakhuthula kudzala, chinthu chimene sanachitepo chikwatiraneni. Chingwe chinali pamsomali pomwepo.

Tsiku lija linafika. Mwana anaimba m'mawa kuti ali kudepoti. Abambo anamaliza tiyi wawo, n'kuimirira, n'kuchotsa chingwe pamsomali, n'kulowera kuseri. Ine pambuyo, mpango uli m'manja, osaumanga n'komwe. Mnzanga uja mutu unali kale pamwamba pa mpanda.

Abambo anagwada, mawondo akulira. Anatukula khutu limodzi, n'kutukula linalo. Anamugubuduza kuona pamimba. Galu, wopanda nzeru, akugwedeza mchira n'kumanunkhiza chingwe. Ubweya unali utabwerera thupi lonse kupatula malo amodzi pamwamba pa mchira, aakulu ngati chikhatho, osalala mbee.

"Nanga dazi ili?" anatero abambo.

"Inunso muli nalo, lalikulu kuposa limenelo. Anakumangani ndani kuthengo?"

Kumpanda kunamveka kutsokomola. Abambo anaimirira pang'onopang'ono, n'kuyang'ana chingwe, n'kuyang'ana mango. Anamanga nsonga imodzi panthambi, n'kukoka inayo mpaka pansanamira ya bafa.

"Matewera a mwana ayanikidwa pati? Pakhomo pano simuganiza."

Mwana anafika chakumasana, khanda kumsana, chikwama m'manja. Galu ndinali nditamumasula, anakamulandira kumsewu.

"Amayi, mwapeza galu wina?"

"Yemwe uja."

Anamuzungulira kawiri, n'kumujambula pafoni kutumizira mwamuna wake. Anakhala masabata awiri. Chingwe chija sichinaone thewera ngakhale limodzi, poti a kutauni amagwiritsa ntchito otaya aja. Pano ndimayanikapo zitenje.

A vetenale ananena kuti akachira tidzamupatsenso nsomba kamodzi, kuti titsimikize. Ine ndinakana, ndinati zoyesa Mulungu ayi. Koma galu anadziyesa yekha. Mwezi wa Febuluwale anazemba n'kukaba mlamba wowamba kwa alamu anga aja, wathunthu, ndipo anakanda masiku asanu mpaka khutu kufiiranso. Umboni unapezeka, mlamba ndinabweza.

Mpaka lero amadya mbatata yake ndi mbuzi, masiku ena maungu ndi mazira a bakha, zomwe a vetenale anatiuza kuti tiziwonjezera chimodzichimodzi n'kumaona. Kondowole tinamuyesa, alibe naye vuto. Dazi lija silinamere. Alendo akabwera kudzadya, akangotola mutu wa nsomba kuti aponye, abambo ndi amene amayamba kugwira dzanja.

"Ameneyo sadya nsomba."

"Galu wa kunyanja?"

"Zimamuwenga. Ndinazindikira ndine."

Ine ndimangoyang'ana kumpanda.